Kuphunzitsa za Kompyuta Popanda Kompyuta: Phunziro Lochokera kwa Opanga Masewera a Game Boy

Dandaulo limene timamva kawirikawiri kwa aphunzitsi anzathu amene apita kukayamba ntchito m'masukulu a kumidzi ndi lakuti nkhani za kompyuta n'zosatheka kuziphunzitsa pamene palibe magetsi, palibe makina, ndipo ana adzaza m'chipinda mpaka kusowa podutsa. Dandauloli lili ndi choonadi chake, ndipo sitifuna kulipeputsa, pakuti mwana sangaphunzire kutaipa pamchenga. Komabe pali mbali ina ya nzeru za kompyuta, imene kwa ife ndiyo phata lake, yosalira magetsi konse: kudziwa momwe chithunzi chimasandukira manambala, ndi momwe munthu amakonzera ntchito yake kuti ikwane m'malo ochepa. Mbali imeneyi tingathe kuiphunzitsa ndi choko, kope la masamu ndi zitsekerero za mabotolo. Amene atisonyeza njira yake ndi anthu amene mwina sitikadawaganizira, ndiwo amisiri odzipereka a m'maiko osiyanasiyana amene akupangabe masewera atsopano a kachipangizo kakale ka ku Japan kotchedwa Game Boy.

Kachipangizo kake ndi anthu ake

Game Boy inatuluka ku Japan pa 21 Epulo 1989. Inapangidwa ndi kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto, ndipo gulu la amisiri ake linkatsogoleredwa ndi Gunpei Yokoi. Ndi kachipangizo kogwira m'manja, koyendera mabatire ang'onoang'ono 4. Galasi lake lili ndi timadontho 160 chopingasa ndi 144 chotsika, ndipo kadontho kalikonse kangathe kuoneka m'njira 4 zokha, kuyambira powala mpaka pakuda, zonse zobiriwirako. Masewera amabwera m'katiriji imene munthu amalowetsa kumbuyo kwake.

Ngakhale m'chaka chimenecho, makinawa sanali apamwamba. Atari Lynx ya 1989 ndi Sega Game Gear ya 1990 zinali ndi magalasi owala a mitundu yambiri, koma iliyonse inkadya mabatire 6 m'maola owerengeka. Yokoi ankakhulupirira kuti n'kwanzeru kutenga luso lokhwima kale, lotsika mtengo ndi lodziwika bwino, n'kuligwiritsa ntchito mwa njira yatsopano, kusiyana ndi kuthamangira chilichonse chongotuluka kumene. Msika unamuvomereza. Game Boy pamodzi ndi Game Boy Color ya 1998 zinagulidwa zoposa 118 miliyoni, ndipo Nintendo inaleka kuzipanga mu 2003.

Kampani italeka, anthu sanaleke. Ena amatsegula makina akale n'kuikamo galasi latsopano lowala, popeza loyamba lija linalibe nyale ndipo silinkaoneka mumdima. Ena anasandutsa kachipangizoka kukhala choimbira: Oliver Wittchow wa ku Germany anapanga pulogalamu ya Nanoloop kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Johan Kotlinski wa ku Sweden anatulutsa Little Sound Dj mu 2000, zonse zogwiritsa ntchito mawu 4 okha amene makinawa angathe kutulutsa nthawi imodzi. Koma amene akutikhudza ife ndi olemba masewera atsopano. Pachingerezi ntchito yawo amaitcha homebrew, mawu amene kwenikweni amanena za mowa wofulula pakhomo, wosachokera kufakitale. Nintendo inkapereka mabuku ofotokoza za m'kati mwa makinawa kwa makampani okhala ndi chilolezo chake okha. Tsono anthu wamba anayamba kuyesa okha, kuona chimene chachitika, ndi kulemba zimene apeza. Cholembedwa chawo chotchuka, Pan Docs, chinayamba mu 1995, ndipo chakhala chikukonzedwa ndi manja ambiri kuyambira pamenepo. Pambuyo pake kunabwera zida zolembera mapulogalamu monga GBDK ndi RGBDS, ndipo mu 2019 Chris Maltby anatulutsa GB Studio, pulogalamu yaulere imene munthu angapangire masewera ngakhale asanaphunzire chilankhulo cha makina. Masewera monga Tobu Tobu Girl a 2017 ndi Deadeus a 2019 anabadwa mwa njira yotere, ndipo anafika mpaka poikidwa m'makatiriji enieni.

Funso loyenera kudzifunsa ndi ili: anthu okhala ndi mafoni amphamvu kwambiri m'thumba, akudzipanikiziranji pa makina opapatiza chotere? Ife tikuona kuti yankho lalikulu ndi lakuti Game Boy ndi yaing'ono moti munthu mmodzi angathe kuidziwa yonse. Foni ya lero palibe amene amaidziwa yonse, ngakhale mwa oipanga. Mwana wopanga galimoto ya mawaya amadziwa mfundo iliyonse ya galimoto yake, ndipo ikathyoka sayembekeza munthu. Amene wagulidwira ya m'sitolo ikathyoka amangolira. Tikufuna ana athu akhale a mtundu woyambawo, ndipo malire a Game Boy ndiwo mawaya athu.

Njerwa ya timabokosi 64

Game Boy sisunga chithunzi chonse ngati mmene kamera imachitira. Imamanga chithunzi ndi tizidutswa tofanana kukula, kalikonse ka timadontho 8 chopingasa ndi 8 chotsika, pamodzi 64. M'nkhani ino kachidutswa kotere tidzakatcha njerwa, chifukwa monga khoma limangidwa ndi njerwa za chikombole chimodzi, chomwechonso chilichonse chooneka pagalasi, kaya ndi mtengo, chilembo kapena nkhope ya munthu.

Makina sadziwa mtundu, amangodziwa 0 ndi 1. Malo amodzi osunga 0 kapena 1 amatchedwa bit, ndipo ma bit 8 pamodzi ndi byte imodzi. Popeza maonekedwe a kadontho ndi 4, timawapatsa manambala 0, 1, 2 ndi 3, ndipo kadontho kalikonse kamafuna ma bit 2: 0 ndi 00, 1 ndi 01, 2 ndi 10, 3 ndi 11. Mzere umodzi wa njerwa tsono umadya ma byte 2, ndipo njerwa yonse ma byte 16. Chodabwitsa, chimene ana amachikonda akachimvetsa, n'chakuti ma bit awiri a kadontho kamodzi sakhala moyandikana. Makina amasonkhanitsa ma bit a kumanja a timadontho tonse 8 mu byte yoyamba, ndi a kumanzere mu byte yachiwiri.

Tiyeni tiyese ndi mzere uwu: 0 0 1 2 3 2 1 0. Ma bit a kumanja akutipatsa 0 0 1 0 1 0 1 0, ndipo a kumanzere akutipatsa 0 0 0 1 1 1 0 0. Pamwamba pa timabokosi 8 tilembe mitengo yake kuyambira kumanzere: 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Paliponse pamene pali 1 titenge mtengo wa pamenepo. Byte yoyamba ndi 32 + 8 + 2, ndiye 42. Yachiwiri ndi 16 + 8 + 4, ndiye 28. Mzere wonse uja tsopano wasanduka manambala awiri, 42 ndi 28, ndipo aliyense wodziwa lamulo angathe kuubweza popanda kuona chithunzi choyamba. Amisiri enieni amalemba manambalawa m'kawerengedwe kena ka zizindikiro 16, koma ku pulaimale zimenezo tizisiye. Kuphatikiza ndi kuchotsera kwa masiku onse n'kokwanira.

Kaphunzitsidwe kake

Phunziroli likuyenera ana a Sitandade 7 kapena 8, amene kuphatikiza manambala mpaka 255 sikuwavuta. Zipangizo zake ndi zimene TALULAR imatilimbikitsa kale: makope a masamu okhala ndi timabokosi, choko, ndi zitsekerero za mabotolo kapena timiyala. Pamene makope achepa, tijambule bwalo la timabokosi 64 pansi, pabwalo la sukulu, monga ana achitira pokumba bawo.

Tisayambe ndi maonekedwe 4. Tsiku loyamba tiyambe ndi awiri okha, bokosi lopanda kanthu ndi bokosi lodetsedwa, kuti mzere uliwonse ukhale nambala imodzi. Mphunzitsi ajambule bwalo lalikulu pabolodi ndi mitengo 8 ija pamwamba pake, adetse timabokosi tingapo m'mzere woyamba, ndipo ana onse aphatikize naye. Akatero mizere iwiri kapena itatu, atembenuze ntchito: alembe nambala pambali, monga 60, ndi kufunsa kuti timabokosi todetsa ndi titi. Apa ndi pamene pagona phunziro, choncho tisafulumire. Mwana ayambe kumanzere ndi kudzifunsa ngati 128 ingachoke mu 60. Singachoke, bokosi likhala loyera. 64 nayo singachoke. 32 ichoka, tidetsa, patsala 28. 16 ichoka, patsala 12. 8 ichoka, patsala 4. 4 ichoka, patsala 0, ndipo timabokosi tiwiri totsiriza tikhala toyera. Pakati pa mzere paoneka kamzere ka timabokosi 4. Tisawauze ana kuti nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 255 ili ndi kadetsedwe kamodzi kokha. Tiwatume ayese kupeza njira yachiwiri yopangira 60, ndipo akalephera onse, adzakhala atadzitsimikizira okha.

Kenaka tigawe kalasi m'magulu, ndipo gulu lililonse lijambule mobisa njerwa yake, kaya ndi nsomba, mphika, kapena chilembo choyamba cha dzina la mudzi wawo, lilembe manambala 8 pakapepala, ndi kutumiza kapepalako kwa gulu lina. Olandira amange chithunzi kuchokera ku manambala okha. Pomaliza magulu awiriwo ayerekeze zithunzi zawo. Ubwino wa ntchitoyi m'kalasi lodzaza ndi wakuti imadzichonga yokha. Mphunzitsi safunika kuyenda kope ndi kope. Nsomba ikatuluka yopanda diso, ana okha amadziwa kuti pena palakwika, ndipo malo a cholakwacho amaulula nambala imene yaiwalika. Chimatsala ndi kupeza ngati olakwa ndi otumiza kapena olandira, ndipo mkangano umenewo ndi masamu okhaokha.

Tsiku lachiwiri ndilo la maonekedwe 4. Tigwirizane ndi ana kuti 0 ndi bokosi loyera, 1 ndi kadontho pakati, 2 ndi mizere yopendekera, 3 ndi kudetsa kwathunthu. Pabwalo la pansi, 1 ikhale kamwala, 2 chitsekerero chagada, 3 chitsekerero chafufumimba. Zolakwa zimene tiyenera kuziyembekeza ndi zitatu. Ana ena adzasinthanitsa 01 ndi 10, motero 1 ndi 2 zidzasinthana pachithunzi chonse. Ena adzasinthanitsa byte yoyamba ndi yachiwiri, ndipo chotuluka chake chidzakhala chimodzimodzi ndi cholakwa choyambacho, chinthu choyenera kuwafunsa kuti afotokoze chifukwa chake. Ena, ndiwo ambiri, adzataya ma 0 a kumanzere poganiza kuti ndi opanda ntchito, ndipo mzere wonse udzasunthira pambali. Cholakwa chotsirizachi tisachikalipire, pakuti ndife tomwe tinawaphunzitsa m'makalasi a m'munsi kuti 007 ndi 7. Tiwasonyeze kuti pano 0 akusunga malo a bokosi. Ndipo wina akalemba 34 m'malo mwa 42 mumzere wathu uja, tiwasiye apeze okha kuti wataya 8, ndi kuti bokosi lachisanu lokha ndilo lasintha, kuchoka pa 3 kufika pa 2.

Kumanga mudzi ndi njerwa zowerengeka

Galasi la Game Boy limakwana njerwa 20 chopingasa ndi 18 chotsika, pamodzi malo 360. Tikadajambula malo alionse ndi njerwa yakeyake, chithunzi chimodzi chikadadya 360 kuchulukitsa ndi 16, ndiwo ma byte 5,760. Katiriji ya masewera a Tetris a 1989 inali ya ma byte 32,768 okha. Ana awerengere: zithunzi zotere zikadakwanamo 5 zokha, popanda nyimbo, popanda lamulo ngakhale limodzi la masewera. N'chifukwa chake makinawa amasunga njerwa padera, ndi mapu padera. Mapu ndi mndandanda wongonena kuti pamalo akuti paikidwe njerwa nambala yakuti. Malo alionse pamapu ndi byte imodzi, ndipo byte imodzi ingatchule njerwa zosiyana 256 zokha. Malo 360, maina 256: makina omwewo akumukakamiza mmisiri kubwereza. Alipo akatswiri amene amazemba malirewa posintha gulu la njerwa chithunzi chili pakati pojambulidwa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

M'kalasi tichepetse zonse. Gulu lililonse lipatsidwe mapu a malo 10 chopingasa ndi 9 chotsika, ndi chilolezo cha njerwa 6 zokha, kuti limange mudzi. Adzayamba mosavuta: udzu, njira, madzi, khoma, denga, mtengo. Vuto lidzabuka pamene wina afuna kuti mtsinje ukhote. Kukhota kumafuna njerwa yatsopano, ndipo pa Game Boy yoyamba njerwa ya pamapu singatembenuzidwe, kotero kukhotera kumanja ndi kukhotera kumanzere ndi njerwa ziwiri. Mwana wina adzakweza dzanja: "Aphunzitsi, tiwonjezereni imodzi yokha." Tikane, mokoma koma mosasunthika. Tikangolola, phunziro latha. Ayenera kusankha chimene ataye: mwina denga ndi khoma zikhale njerwa imodzi, mwina mtsinje ukhote mwa masitepe, mwina mtengo uchoke. Adzaonanso kuti njerwa ya udzu iyenera kugwirizana ndi inzake m'mbali zonse, apo ayi munda udzaoneka ngati mkeka wosokedwa moipa. Pomaliza awerengere phindu lawo. Njerwa 6 ndi ma byte 96, mapu ndi ma byte 90, pamodzi 186. Akadajambula malo onse 90 payekhapayekha, akadadya 1,440.

Zinthu zoyenda, monga munthu kapena mbuzi, makina amazisamala mosiyana. Amalola tizithunzi toyenda 40 pagalasi, koma 10 tokha pamzere umodzi wopingasa. Ka nambala 11 sikaoneka. Ndiponso pa tizithunzi timeneti 0 ndi poonekera za kumbuyo, choncho maonekedwe ake ndi 3 okha. Ana angadule tizithunzi tawo papepala ndi kutiyendetsa pamapu. Mmodzi akhale makina, womvera malamulo olembedwa okha, monga lakuti ngati kutsogolo kuli njerwa ya madzi, munthu asasunthe. Wina akhale wosewera, wongotchula mabatani. Lamulo limene laiwalika lidzaoneka msanga pamene mbuzi iyenda pamwamba pa denga.

Za chigamba ndi za mwini

Si onse okonda makinawa amene amayamba masewera awoawo. Ambiri amatenga masewera otchuka a makampani n'kuwasintha: kuwamasulira kuchoka m'Chijapani, kukonza zolakwika, kapena kuwonjezera nkhani yatsopano. Kawirikawiri sagawa masewera onse, amagawa chigamba, ndicho kafailo kongonena kuti pamalo akuti chotsa manambala awa, ika awa. Mtundu wina wodziwika wa failo yotere umatchedwa IPS. Zimenezi n'zosavuta kuziyesa m'kalasi. Gulu lilembe kuti pa njerwa ya anzawo, mzere 3, byte yoyamba ikhale yakuti, ndipo tione nkhope yokwiya ikusanduka yomwetulira chifukwa cha manambala awiri.

Koma pano pali nkhani imene mphunzitsi sayenera kuidumpha. Chigamba chimasokedwa pa malaya a mwini. Gulu lina linatha zaka pafupifupi 8 likukonza Pokémon Prism, masewera atsopano omangidwa pa Pokémon Crystal, ndipo mu Disembala 2016, patatsala masiku ochepa kuti atuluke, wotsogolera ntchitoyo analandira kalata yochokera kwa maloya a Nintendo yomuletsa. Anamvera n'kuileka. Ena amati kampani inachita nkhanza kwa anthu oikonda. Ena amati dzina ndi zilombo za Pokémon n'zake, ndipo lamulo lili kumbali yake. Ife tikuona kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo ana a Sitandade 8 angathe kuzikambirana bwino, makamaka tikawakumbutsa za oimba athu amene amadandaula nyimbo zawo zikakopedwa popanda malipiro, ndi ntchito ya COSOMA powateteza. Ngakhale wopanga masewera akeake sathawiratu mthunzi wa kampani. Game Boy ikayatsidwa imayang'ana ma byte 48 a chizindikiro cha Nintendo m'katiriji, ndipo ikapanda kuwapeza ndendende, siyamba. Lamulo la m'kalasi likhale lakuti chigamba chimaikidwa pa ntchito ya mnzako atavomera, ndipo dzina la woyambitsa limakhala pamwamba, la wosintha pansi pake.

Pamene kompyuta ilipo

Pasukulu pamene pali kompyuta ngakhale imodzi, kapena mphunzitsi ali ndi laputopu, ntchito ya m'makope ija ingathe kuyenda pagalasi lenileni. GB Studio ikaikidwa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Imalandira zithunzi za mitundu 4, ndipo pa malo wamba a masewera imalola njerwa zosiyana 192. Zikapitirira imachenjeza, ndipo ana amene anakanizidwa njerwa yachisanu ndi chiwiri adzamvetsa chenjezolo popanda kuwafotokozera. Masewera otuluka angathe kuseweredwa pakompyuta pomwepo, kapena pafoni yokhala ndi pulogalamu yotsanzira Game Boy. Langizo lathu ndi lakuti makina asatulutsidwe mpaka mapu ndi njerwa za gulu lililonse zitatha papepala ndi kuchongedwa ndi gulu lina. Kompyuta ikabwera poyamba, ana atatu ozolowera mafoni ndiwo amaigwira, otsala n'kumangoonerera kumbuyo. Ikabwera potsiriza, gulu lililonse limafika ndi kope lake m'manja, mmodzi akuwerenga manambala, wina akudetsa timadontho, wachitatu akuyerekeza ndi chimene chili papepala, ndipo mphindi 10 pa gulu zimakwanira njerwa ziwiri kapena zitatu. Zotsalazo mphunzitsi awasungire nthawi ya masana, gulu limodzi tsiku lililonse, kufikira mudzi wonse utalowa.